Mafoni ogontha pa doko la Swang'oma

Mlamu wanga ndi msodzi. Bwato lake limakocheza pa Swang'oma, kumwera kwa Nyanja ya Chilwa, ndipo nsomba zikayamba kugwidwa amatha masabata atatu kapena anayi ali m'chimbowera pakati pa njedza, osaponda kumtunda. Mwana wake woyamba ali ku Joni, amasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya bwana wina. Mnyamatayo anadzimana miyezi ingapo mpaka anagulira bambo ake foni yamakono, yatsopano, ya m'bokosi. Foniyo inakwera basi, inadutsa pa Mwanza, inagona ku Wenela, inakwera minibasi ya ku Phalombe, ndipo mtunda wotsiriza inaumaliza pa kabaza.

Tsiku limene ndinakawaona ndinapeza bokosilo lili pamphasa, ana atalizungulira. Alamu anamasula mphira umene amamangira kafoni kawo ka mabatani, anachotsa batire, anasolola simu ndi chikhadabo n'kuilowetsa m'foni yatsopanoyo. Inayaka bwinobwino, inaimba kanyimbo kake, kenako inalemba mawu a Chingerezi opempha nambala yotsegulira netiweki. Anayesa simu ya mkazi wawo, ya kampani ina. Mawu omwewo anabweranso.

"Alamu, inu munapita kusukulu," anatero akundipatsira, "tawerengani apa. Ndalakwitsa pati?"

Funso limeneli lakhala likundisowetsa mtendere. Munthu amene amadziwa kuti mwera ukubwera pongoyang'ana mitambo pa Michesi, amene sanasocherepo m'njira za m'njedza ngakhale usiku, anangoganiza kuti wolakwa ndi iye. Sanalakwitse pena paliponse. Foniyo inali yokhomedwa. Ku South Africa, makampani a netiweki amagulitsa mafoni ena motchipa atawatseka kuti azilandira simu yawo yokha, chifukwa ndalama imene achotsa pamtengo amadzaibweza kudzera m'mayunitsi. Kumeneko n'zomveka. Koma wogulitsa amene anamva chilankhulo cha mnyamatayo, amene mwina anauzidwa kuti iyi ndi ya bambo kumudzi, sanatchule kanthu. Wokonza mafoni wina pa Migowi anaiyesa tsiku lathunthu n'kulephera, ndipo anati apite nayo ku Limbe. Ulendo ndi malipiro ake zikanadya beseni lathunthu la matemba.

Kukhoma kumeneku kuli ndi ubwino umodzi: foni imakuuza poyera kuti yakana. Pali kugontha kwina kobisika, ndipo ndi kumene kukudya ndalama za anthu ambiri mwakachetechete.

Foni ndi wailesi. Akuluakulu akukumbukira kuti mawailesi a mabatire ankasiyana: ina inali ndi FM ndi MW basi, ina inali ndi SW. Wofuna kumva nkhani za m'Chinyanja za Channel Africa kuchokera ku Johannesburg ankayenera kukhala ndi ya SW. Yopanda SW, ngakhale ukweze waya pansungwi yaitali bwanji, sunkamva kanthu, chifukwa inapangidwa yopanda khutu limenelo. Foni nayo ili ndi makutu owerengeka. Mafunde amene nsanja za netiweki zimatumiza amayezedwa mu MHz ndipo anagawidwa m'zigawo zotchedwa mabandi, iliyonse ndi nambala yake. Bungwe la ITU, limene limayang'anira mafunde padziko lonse, linagawa dziko patatu: Africa ili limodzi ndi Ulaya, maiko a ku America ali paokha, Asia ndi Australia nawonso paokha. N'chifukwa chake 2G yathu imayenda pa 900 ndi 1800 monga ya ku Ulaya, pomwe ya ku United States inamangidwa pa 850 ndi 1900. 3G ya chigawo chathu inakhazikika kwambiri pa 2100. Pa 4G ndiye mabandi alipo makumimakumi, ndipo mafoni otchipa amamva ochepa chabe. Chigawo chathu chimadalira kwambiri Band 3, ya 1800, ndi Band 20, ya 800. Mafoni otchipa a ku America aja amagulitsidwa pamodzi ndi layini amamva mabandi monga 2, 4, 12 ndi 13, amene kuno alibe ntchito. Mafoni ambiri opangidwira msika wa m'kati mwa China alibe Band 20. Ndipo kuyambira 2022, iPhone yogulitsidwa ku United States, kuyambira pa iPhone 14, ilibe ngakhale kabowo kolowetsa simu.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za mainjiniya. Kwa munthu wa ku Namiwawa kapena ku Area 47, mwina n'zoona. Kwa munthu wa ku Chilwa ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa chake n'chakuti mafunde sayenda mtunda wofanana. Usiku kukakhala bata, ng'oma yaikulu imamveka kutsidya kwa madzi, koma mluzu wa mnyamata umathera padambo pomwepo. Mafunde otsika, a 800 ndi 900, ali ngati ng'omayo: amafika patali, amalowa m'nyumba, amadutsa m'mitengo. Okwera, a 1800, 2100 ndi 2600, amanyamula katundu wambiri koma amatopa msanga. M'tauni nsanja zili pafupipafupi, choncho foni ikasowa bandi imodzi imapeza ina, mwini wake osadziwa n'komwe kuti pali chosowa. Ku Chilwa nsanja zili kumtunda, patalipatali, ndipo nyanjayo madzi akadzaza imatambalala makilomita pafupifupi 60 m'litali ndi 40 m'lifupi. Pamadzi ndi m'madambo palibe pozika nsanja. Amene ali pagombe kapena m'chimbowera amadalira mafunde ofika pataliwo. Foni imene ilibe khutu lake imaoneka ngati yabwino pa shopu ku Limbe, koma ikafika kunyanja imagontha.

Ndinaziona ndi maso pamsika wa nsomba. Mayi wina wogula matemba ouma n'kumakagulitsa m'tauni anali atagula foni yaikulu, yonyezimira, kwa venda wina. Ankafuna azitumiza zithunzi za katundu kwa makasitomala ake pa WhatsApp kuti agwirizane mtengo asanalipire thiransipoti. M'tauni inkagwira ntchito. Padoko inkangoonetsa kachilembo ka E pamwamba, kosonyeza intaneti yochedwa ya 2G, chithunzi n'kumazungulira mpaka batire kutha. Mayiyo ankaimirira pachulu atakweza mkono, n'kumadandaula kuti netiweki yavuta. Tinachotsa simu yake n'kuiika mu Tecno yakale, yosweka galasi, ya mtsikana wogulitsa mandasi pafupi naye. Pamalo omwewo, osasuntha phazi, zithunzi zinapita. Mayiyo anayang'ana foni yake nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati: "Ndiye kuti ndagula kalilole."

Chikomekome cha mkuyu. Koma ine sindikufuna kuti nkhaniyi ithere pamwambi, chifukwa mwambi umasiya mlandu wonse pamutu pa wogula. Ndikamakamba zimenezi ndi anzanga a m'tauni, ambiri amayankha kuti safunsa anadya phula. Chabwino. Akanafunsa ndani? Venda mwini sadziwa mabandi a foni imene akugulitsa. Anaigula m'katoni limodzi ndi zina makumi asanu kwa munthu amene anazitenga ku Dubai kapena ku Johannesburg. Bokosi, ngati lilipo, lalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chitchaina, ndipo kawirikawiri silitchula mabandi. Kuti udziwe, uyenera kupeza nambala yeniyeni ya mtundu wa foniyo, chifukwa foni ya dzina limodzi imapangidwa mosiyana potengera dziko limene ikupita, kenako ukafufuze pa intaneti. Ndiye kuti tikuuza munthu amene akugula foni yake yoyamba ya intaneti kuti ayambe wafufuza pa intaneti. Ndipo ngakhale atapeza mabandi a foniyo, akawayerekeza ndi chiyani? Ndi angati mwa ife, ophunzira amene, angatchule mabandi amene nsanja ya pafupi ndi kwawo imatumiza?

Mtengo wa umbuli umenewu sufanana pakati pa tauni ndi nyanja. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa: inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope ong'aluka. Anthu a kumeneko amapeza ndalama nyanja ikalola, ndipo ikakana amadya zimene anasunga. Foni yamakono kwa iwo ndi chuma cha nyengo yathunthu, makamaka kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo katundu aliyense wochokera kunja anakwera. Sangagule ina mwezi wamawa. Ndipo foniyo saigulira kusewera. Ndalama za nsomba masiku ano zimayenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba, zomwe zapulumutsa amalonda ambiri kwa achifwamba a m'njira. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo okhudza mphepo ya mwera amafalikira mofulumira m'magulu a WhatsApp. Kolera yakhala ikuvutitsa asodzi a m'zimbowera, amene amamwa madzi omwewo amene akukhalapo, moti mu 2016 panachitika kampeni yapadera ya katemera wa kolera yofikira iwowo. Munthu akayamba kutsegula m'mimba pakati pa njedza, maola ochepa ndi amene amalekanitsa moyo ndi imfa, ndipo choyamba chimene anzake amagwira ndi foni kuti aitane bwato la injini. Amene anali ku Phalombe mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri n'kukokolola midzi ya kwa Nkhulambe, akudziwa kuti kadontho kamodzi ka netiweki kanali ndi mtengo wanji usiku umene uja.

Palinso nkhani ya malire, imene anthu a ku Lilongwe saiganizira. Kum'mawa kwa nyanjayi ndi Mozambique. Pamadzi palibe phiri kapena nyumba yotchinga mafunde, choncho nthawi zina foni ya msodzi imasiya nsanja ya kwathu n'kugwira ya kutsidya, mwini wake ali m'madzi a Malawi. Ambiri anaphunzira okha kulowa m'foni n'kusankha netiweki pamanja kuti mayunitsi asathe mosadziwika. Enanso amasunga dala simu ya Movitel, kampani imene inayamba ntchito ku Mozambique mu 2012 ndipo inatchuka chifukwa chozika nsanja kumidzi, poti malonda a nsomba, nandolo ndi chimanga sadziwa malire, ndipo abale ali mbali zonse ziwiri. Munthu wotereyu amafunika foni yolandira simu iliyonse, makamaka ya malo awiri a simu. Apa tiyenera kuvomereza kuti kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inamvetsa Africa kuposa makampani otchuka: inapanga mafoni a simu ziwiri, a batire lokhalitsa, omva mafunde a kuno. N'chifukwa chake Tecno yosweka ija inapambana foni yonyezimira. Koma ngakhale pamenepa pali msampha wina umene wogula sauzidwa: m'mafoni ena otchipa, malo amodzi okha a simu ndi amene amalandira intaneti yothamanga panthawi imodzi, enawo amakhala a 2G.

Ndiye ndani ayenera kuyankha?

Ndiyambe ndi MACRA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, linapatsidwa mphamvu zina ndi lamulo la 2016, ndipo mwa ntchito zake muli kugawa mafunde ndi kuvomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zimene zikulowa m'dziko. Mu 2018 tonse tinaima pamizere ndi ziphaso zathu za unzika kukalembetsa masimu, ndipo amene sanalembetse anadulidwa. Uthenga umenewo unafika mpaka pachilumba cha Chisi, m'Chichewa, pawailesi, mobwerezabwereza. Ndiye kuti boma likafuna kuti munthu wakumudzi adziwe chinthu chokhudza foni yake, limatha. Ndikupempha khama lomwelo pa chinthu chimene chingateteze thumba la munthuyo. MACRA ilamule TNM ndi Airtel kuti azilengeza mabandi amene akugwiritsa ntchito m'boma lililonse, m'Chichewa, pa pepala lomatidwa pa kauntala ya ejenti aliyense, pomwe pamamatidwa kale mitengo yotumizira ndalama. Ilamulenso kuti foni iliyonse yogulitsidwa m'shopu kapena pabenchi ikhale ndi kapepala konena zinthu zitatu: ndi yokhoma kapena ayi, imamva mabandi ati a 4G, ndi yatsopano kapena yakaunjika.

Pali amene amati anthu akumudzi sangamve za manambala oterewa. Amenewo sanaimepo pamzere wa feteleza. Mayi amene sanapitirire sitandade 4 amadziwa kusiyanitsa 23:21:0+4S ndi urea, amadziwa wokulitsa ndi wobereketsa, ndipo sungamunamize. Anaphunzira chifukwa manambalawo analembedwa pathumba ndipo alangizi anawabwereza mpaka analowa m'mutu. Msodzi amadziwa kukula kwa maso a ukonde umene umagwira makumba ndi umene umagwira matemba. Munthu wotere sangalephere kufunsa kuti, "Ili ndi 3? Ili ndi 20?" ngati wina atamuuza kamodzi kuti manambala a kwawo ndi ati.

Sindikupempha kuti mafoni akaunjika aletsedwe. Ndikudziwa kuti lamulo lililonse latsopano m'dziko muno limatha kusanduka chikwapu chokwapulira venda wamng'ono, wamkulu n'kudutsa. Popanda mafoni akaunjika ndi otumizidwa ndi abale a ku Joni, theka la anthu amene ndimawadziwa kunyanja sakanakhala ndi foni n'komwe. Venda nayenso ndi mwana wa munthu wosauka amene akusaka ya ndiwo. Kapepala kamene ndikunenaka kangamuteteze iyenso, chifukwa kangakakamize amene amaitanitsa makatoni kuti adziwe chimene akubweretsa. Koma wogulitsa amene akudziwa kuti foni ndi yokhoma n'kukhala chete ndi wakuba, ndipo tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003 komanso bungwe la CFTC loona za chilungamo pamalonda, zomwe ziyenera kumuluma. Chimene chimapweteka n'chakuti foni yosowa bandi imadutsa mayeso onse a pa shopu. Wogula amaika simu, amaimba, imalira, amalipira. Vuto limaonekera atayenda makilomita ambiri. Choncho wogula apatsidwe lisiti ndi masiku angapo oti abweze foni ngati yakana kwawo. Popanda zimenezi, kuyesa pa shopu n'kungodzinamiza.

Pali ngongole inanso imene boma lili nayo kwa anthu a kunyanja. Maiko a chigawo chathu anagwirizana kusamutsa wailesi yakanema kuchoka pa njira yakale kupita pa ya dijito pofika pa 17 June 2015, ndipo ife tinakuona kusamukako pamene tinayamba kugula madikoda a Kiliye Kiliye. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kumasula mafunde a 700 ndi 800, ng'oma zazikulu zija, kuti anyamule intaneti kupita kumidzi yakutali. Mafunde amenewa ndi chuma cha dziko monga nyanja ndi nkhalango. Kampani iliyonse imene yapatsidwa gawo lake iyenera kuonetsa kuti yafika nawo ku Swang'oma, ku Kachulu, ku Mposa ndi ku Chisi, osati kungowonjezera liwiro kumene kuli kale makasitomala olemera. Lamulo la 2016 linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund lothandizira madera amene makampani saona phindu. Gombe la Chilwa, limene limadyetsa Zomba, Blantyre ndi Mulanje ndiwo zotchipa, liyenera kukhala pamwamba pa mndandanda umenewo. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023, ndipo sindikutsutsa. Dziko liyenera kupita patsogolo. Koma ine ndidzaomba m'manja tsiku limene mayi wa matemba adzatumize chithunzi atakhala pansi.

Chimene chikundichititsa kulemba tsopano, osadikira, ndi zimene zikubwera. Maiko olemera akuzimitsa netiweki zakale. Ku United States, AT&T inazimitsa 3G mu February 2022 ndipo Verizon inatsatira kumapeto kwa chaka chomwecho. Ku Australia, Telstra ndi Optus anayamba kuzimitsa 3G mu October 2024, ndipo mafoni amene sakanatha kuimba nambala ya ngozi kudzera pa 4G anatsekedwa, ena mwa iwo ali a 4G ndithu, ogulidwa kunja. Boma la South Africa linalengeza cholinga chozimitsa 2G ndi 3G pofika kumapeto kwa 2027. Mafoni amene akutayidwa kumeneko satenthedwa. Amalowa m'makatoni, ndipo makatoniwo amadziwa njira ya ku Mwanza, ku Dedza ndi ku Songwe. Ena adzagwira ntchito kuno zaka zingapo, ena adzafika ali ogontha kale. Tinaziona kale pang'ono ndi mafoni a CDMA amene makampani a MTL ndi Access ankagulitsa, amene sankamvana ndi simu ya TNM kapena ya Airtel. Ndipo tsiku lidzafika pamene makampani athu nawonso adzafuna kuzimitsa 2G kapena 3G kuti mafundewo awapatse 4G. Tsiku limenelo kuimba kudzadalira njira yotchedwa VoLTE, imene imafuna kuti foni ndi netiweki zigwirizane, ndipo si foni iliyonse ya 4G imene imatha. Kafoni ka mabatani kamene kakusunga miyoyo m'zimbowera lero kadzangoti zii. Ngati MACRA siyamba lero kuuza anthu chimene akugula, tsikulo lidzapeza dera lonse lili ndi mafoni m'manja koma lopanda woimbira.

Kwa inu amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban ndipo mukuwerenga izi pa foni: musanalipire, funsani wogulitsa ngati foniyo imalandira simu ya netiweki iliyonse, ndipo muyese simu ya kampani ina iye akuona. Imbani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, ya manambala 15, muiyerekeze ndi ya pabokosi. Mukalephera kutsimikiza, tumizani ndalama kuti makolo akagule kuno foni imene anzawo akuigwiritsa kale ntchito padoko lomwelo.

Mwana wa alamu sanauzidwe kuti foni yake inakana. Bambo ake analetsa. "Musamuuze, angadandaule. Anavutikira." Akaimba, amamuyankha pa kafoni ka mabatani, n'kumuuza kuti yatsopanoyo aisunga kuopa madzi. Ili m'bokosi lake, pansi pa zovala za kutchalitchi. Sabata yatha alamu anabwerera kunyanja. Ndinawaperekeza mpaka padoko, ndipo ndinaona akukulunga kafoni kakale kaja m'jumbo ziwiri, n'kukamangirira m'chiuno, asanakankhe bwato kulowa m'njedza.